Malangizo kwa Alamu Obwerera ku London Kukadya Masamba

Alamu, nkhani yamveka kale mpaka pa Kamwendo kuti mukubwereranso ku London, ndipo kuti ulendo uno si wa msonkhano wa bungwe ngati uja wa 2023, koma wokaona malo ndi ndalama za m'thumba mwanu. Pamenepo palibe akudabwa, soya munakolola tonse tikuona. Chimene chaimitsa anthu mitu n'chakuti achemwali akuti mwalengeza kuti kumeneko simukalawa nyama, nsomba, mazira, mkaka ngakhale uchi, ati mwakhala vegan. Inuyo, Mngoni wa kwa Mlonyeni. Poti mbiri ya mkamwini ikaipa imaipitsa ndi mudzi umene anakwatirako, ndati ndikupatseni malangizo musanakwere minibasi.

Choyamba, musakadzichepetse. Azungu akakakuuzani kuti bungwe lawo la Vegan Society linayamba mu November 1944, ndipo kuti amene anatsogolera anali Donald Watson. Mukagwedeze mutu mwaulemu, koma akakufunsani kuti inu munayamba liti kusala nyama, mukayankhe kuti a kwanu anayamba mu 1898. Chaka chimenecho asilikali a Britain anagonjetsa Angoni a Mpezeni, anapha mwana wake Nsingo, natenga ng'ombe zikwizikwi. Boma lathu lino la Mchinji linali Fort Manning, Chipata inali Fort Jameson, ndipo malinga amenewo sanamangidwe kuti azigawiramo nyama. Ndiye mukawathokoze kuti maphunziro anayamba ndi makolo awo, inu mwangobwera kudzatenga satifiketi. Mukanene mukumwetulira. Anthu a ku London amakonda mlendo wodziwa mbiri, bola asakweze mawu.

Akakakuuzaninso za Veganuary, mwambo umene unayamba ku Britain komweko mu 2014, woti munthu azilumbira kuti mwezi wonse wa January sadya chilichonse chochokera ku chiweto. Amalembetsa maina pa intaneti, amalimbikitsana, ndipo akafika pa 31 amayamikirana kuti apirira. Apa mugwire pakamwa kuti musaseke. Kuno January simulembetsa dzina, amakulembani yekha. Nkhokwe yayera, ndalama ya fodya inatha mu October, sukulu fizi yatenga mbuzi, feteleza wobereketsa watenga nkhuku zonse kupatula tambala wokalamba amene ngakhale mavenda akumukana. Chotsala ndi nkhwani, bonongwe, chisoso, luni, denje, ndipo mvula ikachita chisoni, bowa wa utale. Anthu a kwa Mkanda amapitiriza mwambowu mpaka March popanda wowaombera m'manja. Mukangowauza kuti kwanu anthu ndi odzipereka kwambiri.

Tsopano za ulendo. London si Chipata, kumene mumangotenga kachiphaso ka pa boda n'kudutsa pa Mwami, kapena mukachita ulesi n'kuuza wa kabaza kuti adzere njira ija tonse timaidziwa koma sitiitchula. Viza ya mlendo ya miyezi isanu ndi umodzi inafika pa mapaundi 127 mu April 2025, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, paundi imodzi imaposa K2,000 pa mtengo wa kubanki. Mtengo wa anyamata oima pansi pa mtengo uja ndinu mumaudziwa bwino kuposa ine. Ndalamayo sibwezedwa akakukanani. Adzafuna umboni woti mudzabwerako: nyumba, ntchito, ndalama kubanki, banja. Pa fomu musalembe kuti cholinga cha ulendo n'kukadya masamba. Wowerengayo akaona kuti munthu wochokera ku boma lodzaza maungu akulipira ndege kuti akadye nkhwani, adzaganiza kuti mukubisa zina.

Ngati mukufuna chitsanzo cha mmene mwana wa Mchinji amalowera m'Britain, funsani mtedza. Alimi a MASFA, nthambi ya NASFAM kuno kwathu, analandira chiphaso cha Fairtrade mu 2004, ndipo mtedza wawo unkafika m'masitolo akuluakulu a kumeneko. Mu 2007 kunakhazikitsidwa kampani ya Liberation Foods, imene alimi a mtedza a m'maiko angapo, athu omwe, anali ndi gawo la umwini. Ndalama yowonjezera ya malondawo inamanga chigono cha odikirira odwala pa chipatala cha boma. Koma nawo mtedza uli ndi viza yake. Umayezedwa chuku, kaja kachiphe kotchedwa aflatoxin, ndipo malamulo a ku Ulaya salola kupitirira magawo anayi pa biliyoni mu mtedza woti anthu adye. Chuku chimadza mukaumitsa mtedza pa dothi lonyowa, mukausunga m'chinyontho, kapena mukawaza madzi pa makoko kuti asavute kuswa, monga amachitira ena amene sinditchula poti ndi apongozi anu. N'chifukwa chake amayi amakhala pa mkeka tsiku lonse ndi lichero, kusankha njere imodziimodzi: yonenepa, yosalala, ya khungu losasupuka ipite m'thumba la ku Ulaya, yofota, yosweka, yakuda pamphuno itsale. Yotsalayo sitaya. Ndi imene timasinja n'kutendera ndiwo, n'kuthira m'phala la mwana. Ndiye mukakapeza paketi ya mtedza wokongola m'sitolo ku London, mukaipatse moni ngati wachibale amene zinamuyendera, ndipo musakaifunse za abale ake otsala kumudzi.

Polongedza katundu, chotsani mtanda wa mbewa zouma umene ndikudziwa kuti mukuganiza zoubisa m'sokosi. Lamulo la kumeneko sililola nyama kapena mkaka wochokera ku maiko ngati lathu, ndipo pa Heathrow pali agalu olembedwa ntchito ya kununkhiza. Taganizani manyazi ake, vegan wathunthu kugwidwa ndi akapuku asanu ndi awiri opanidwa pa kansungwi. Ngumbi nazo zisiyeni. Anzanu atsopanowo amati nazonso zili ndi moyo wofuna kuulemekeza, ngakhale sanazionepo zikudzipereka zokha pa nyale. Lamba wa chikopa ndi nsapato zanu za ukwati n'zoletsedwanso m'chipembedzo chimenechi. Chaja yafoni tengani yomweyo, mabowo a magetsi ndi atatu ngati athu. Pa zonse zimene atsamunda anatisiyira, chimenecho chokha n'chimene chimalowa popanda kukankha.

Ndege yolunjika kulibe, mudzadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Pogula tikiti muwauze akulembereni chakudya cha VGML. Ubwino wake amakupatsani inu poyamba ena onse asanalandire, ndipo kwa mphindi khumi mudzaoneka ngati nduna. Kuipa kwake mudzakhala mutamaliza nyemba zanu pamene mnzanu wa pambali akutsegula nkhuku. Tsekani maso, anthu adzayesa mukupemphera.

Mlendo wobwera kachiwiri ali ndi udindo wosadabwa. Ulendo woyamba munajambulitsa pa Big Ben, pa chipata cha Buckingham Palace, pa basi yofiira, pa bokosi la telefoni, mpaka pa chitini cha zinyalala, ndipo zithunzi zonse tinaziona pa WhatsApp kawirikawiri. Ulendo uno muziyenda manja ali m'thumba. Mukaona Mjapani akujambula nsanja ija, mumuuze mwachifundo kuti Big Ben ndi belu la m'kati, nsanjayo dzina lake ndi Elizabeth Tower kuyambira 2012. Pa Buckingham mukaimeko pang'ono poti asilikali ake amavala zipewa zazitali za ubweya weniweni wa chimbalangondo. Monga vegan muyenera kukwiya. Monga Mngoni amene chaka chilichonse mu February amavala zikopa ku Mtenguleni n'kukuwa mosangalala Inkosi ya Makosi Mpezeni ikamamwa magazi a ng'ombe yakuda pa Ncwala, muyenera kusirira. Chitani zonse ziwiri, koma mosinthanasinthana.

Ku Trafalgar Square konzekerani kukhumudwa. Mu 2023 munapeza John Chilembwe ataima pa chitsinde chachinayi, chipewa chili kumutu, wamtali kuposa mmishonale John Chorley amene anaima naye. Chinali chosema cha Samson Kambalu, Mmalawi mnzathu, chochokera pa chithunzi cha 1914, nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Anachiika mu September 2022, ndipo mu 2024 anachichotsa, poti pa chitsinde chimenecho zosema zimalandirana. Nayenso viza inamuthera. Musafunse apolisi kuti amupititsa kuti. Tulutsani K2,000 m'chikwama, muikweze m'mwamba kuloza pa chitsindepo, mujambule. Ndi ntchito yokhayo imene ndalama imeneyo ingagwire mu mzinda umenewo.

Pabwalo lomwelo pali mayesero oyamba, nkhunda zonenepa zopanda mwini zoyenda pakati pa miyendo ya anthu. Dzanja lanu lidzayamba lokha kufufuza legeni m'thumba. Liletseni. Ngakhale kuzidyetsa kunaletsedwa mu 2003, nanji kuzidya. Mukatsikira ku St James's Park mupeza agologolo obwera kudzakulandani mtedza m'manja, abakha, atsekwe, ndi mbalame zija zoyera za khosi lalitali zimene mwambo wawo umati zopanda chizindikiro n'za mfumu. Ndiwo zonsezo zikungoyenda, anthu n'kumazijambula. Pansi pa nthaka, podikira sitima ya Piccadilly, mukayang'ana pakati pa njanji muona timbewa takuda tikuthamanga. Musayambe kufotokozera anthu kusiyana kwa mbewa ya kumunda ndi khoswe wa m'nyumba. Kwa iwo zonse n'chimodzi, ndipo mukayamba kunena za kakumbidwe ka una ndi kafukizidwe ka utsi adzasuntha n'kukusiyani nokha pa benchi.

Westminster Abbey amalipiritsa pakhomo, koma lowani mukaone pamene anaika David Livingstone mu April 1874. Anafera kwa Chitambo ku Zambia mu 1873, mtima wake unakwiriridwa komweko, ndipo Susi, Chuma ndi anzawo ananyamula mtembo wouma miyezi yambiri wapansi mpaka ku Bagamoyo. Mukaponde pamwalapo pang'onopang'ono, mukumbukire kuti iye anayenda dziko lathu lonse osaonetsa sitetimenti ya kubanki kwa mfumu iliyonse. Mukatsala ndi mphamvu pitani ku Harlesden, kumene Kamuzu anali dokotala nkhondo yachiwiri itatha mpaka 1953. Palibe chodabwitsa choti muone, koma mukadzanena pa bawo kuti munafikako, achikulire adzakupatsani mpando.

Tifike pa nkhani yeniyeni, ya m'mbale. Malo odyera osaphika nyama ndi ambiri. Ku Soho kuli Mildreds, imene inatsegulidwa mu 1988, ndipo ena mupeza ku Camden, ku Shoreditch, ku Brixton. Kulikonse kumene mungalowe, musafunse madzi osamba m'manja, ndipo musafunse kuti ndiwo n'chiyani lero. Adzakupatsani chipepala. Asanalembe kanthu, mtsikana kapena mnyamata woperekera zakudya adzakufunsani ngati pali chakudya chimene thupi lanu limadana nacho, chifukwa lamulo lawo limatchula zinthu 14 zimene wogulitsa ayenera kuchenjeza wodya. Pa zinthu 14 zimenezo pali mtedza ndi soya. Inde alamu, mbewu ziwiri zimene zinakugulirani tikiti zili pa mndandanda wa zoopsa. Muyankhe kuti thupi lanu limadana ndi bilu yokha.

Mbale ikafika, musafuule kuti mwaizindikira. Masamba obiriwira othiridwa msuzi wa chiponde aja ndi ndiwo zotendera, kungoti sanazipse. Mbatata yofiira m'kati ndi yomwe ija alangizi akhala akutikakamiza kubzala. Phala louma lachikasu limene Ataliyana amati polenta ndi nsima imene inasowa woivundula ndi mthiko wamphamvu. Mapeyala opaka pa buledi ndi omwe aja amagwera nkhumba kuseri kwa nyumba yanu mu March. Tofu ndi soya wanu yemwe, atamuphika mkaka n'kuuumitsa mpaka kukoma konse kutathawa. Ife amene tinakulira nyama ya soya ya m'mapaketi tikudziwa kuti popanda tomato, anyezi ndi mafuta, soya salankhula. Pamwamba pa zonsezo adzawaza nthanga za maungu zokazinga, zowerengeka, ngati mankhwala. Akuluakulu ananena kale kuti kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna, koma sanadziwe kuti nthangazo adzazilipiritsa. Mbale yotere ingakudyereni mapaundi 15, ndiye kuti kupitirira K30,000, osawerengera 12.5 peresenti imene ambiri amawonjezera pansi pa bilu kuthokoza okutumikirani. Musawerengere kuti pa msika wa Kapiri ndalama imeneyo ingagule mitolo ingati ya nkhwani. Amene amawerengera choncho amatsamwa.

Phunzirani kutafuna mochedwa ndi kunena kuti chakudyachi n'chopepuka m'thupi. Kupepuka kumeneko mudzakumva bwino cha m'ma 2 koloko usiku, mimba ikadzayamba kufunsa kuti nsima ibwera nthawi yanji. N'chifukwa chake tsiku lachiwiri mupite ku msika wa Brixton kapena ku Peckham, mukagule ufa wa chimanga, therere lobala, ndi bonongwe amene anthu a ku Jamaica amagulitsa pa dzina la callaloo. Mukaphike chitseko chili chotseka, mudye ndi manja, mukhute, kenako mutuluke mukanene kuti mumadya pang'ono.

Pocheza ndi anzanu a pa tebulo muli ndi chuma chimene simukuchidziwa. Auzeni kuti kwanu mumadya mgaiwa, ufa wosakonola. Kuno ndi wa ana a sukulu zogonera komweko ndi akaidi, koma kumeneko adzakuyesani katswiri wa zaumoyo. Auzeni kuti nsima ilibe gluten, adzalemba m'foni. Auzeni kuti chimanga chanu cha chaka chatha chinali organic. Palibe chifukwa chofotokozera kuti dzina lanu silinatuluke pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo. Malambe amene ana amayamwa pa njira ya kusukulu analoledwa kugulitsidwa ku Ulaya mu 2008, ndipo lero ufa wake uli m'timabotolo tokongola pafupi ndi ufa wa chamwamba, mtengo uja mumamangirira mbuzi. Muwafotokozere za mfutso, mmene amayi amafutsira khwanya mu April n'kumusunga m'chikwatu mpaka October, ndi za chidulo chochezedwa ku phulusa. Mmodzi wa iwo adzati akufuna kulemba buku. Mulekeni alembe, koma mumuuze kuti dzina la agogo likhale pachikuto.

Akayamba kudzitama ndi soseji zawo zopanda nyama, monga ija sitolo ya Greggs inatulutsa mu January 2019 manyuzipepala n'kuchita nayo phokoso, inu muwatchulire chikanda. Amayi a ku Chipata akhala akuphika nyama yopanda nyama kalekale: timizu ta maluwa a m'dambo, nsinjiro, soda ndi tsabola, kutakasa mpaka kulimba n'kumadula ndi mpeni. Koma musatenge timizuto m'chikwama. Maluwa amenewo ali m'gulu lotetezedwa ndi pangano la CITES, akutha m'madambo a Zambia, Tanzania ndi ku Nyika chifukwa cha kukumbidwa, moti akatswiri a ku Kew Gardens, mu London momwemo, anachitapo ntchito yofufuza mmene angawapulumutsire. Ndiye kuti ngakhale wosadya nyama angathe kumaliza chilengedwe, bola akhale ndi khasu ndi msika. Mfundo imeneyi muisunge mpaka wina atayamba kukulalikirani za mbuzi zanu zitatu ndi kutentha kwa dziko, iye atakwera ndege kanayi chaka chomwecho. Inunso mwakwera ndege, ndiye musaitulutse msanga.

Kunena zoona, anthuwo ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zopusa. Nkhuku za kumeneko zambiri zimakulira m'mashedi mwa zikwizikwi, zina osaliona dzuwa mpaka tsiku lophedwa, ndipo munthu amene wadya nyama m'mawa, masana ndi madzulo kwa zaka makumi anayi ali ndi ufulu wotopa nayo. Iwo akasiya nyama amagula mapiritsi a vitamini B12 ku famase, poti m'masamba mulibe. Ife tikasiya nyama timagula chiyani? Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. N'chifukwa chake ku sikelo alangizi a zaumoyo amaphunzitsa amayi magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo gulu limodzi ndi la zochokera ku nyama: dzira, usipa, mkaka, ngumbi, mbewa imene. Ndiye chonde, mukadzabwera musadzaime pa chitsime n'kuyamba kuuza amayi kuti dzira ndi nkhanza. Mayi amene amagulitsa mazira ake onse kuti agule mchere ndi sopo, mwana wake osalawako, adzakuyankhani ndi chigubu.

Pobwerera, mayeso aakulu ali pa msewu wa M12. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma ndi makilomita pafupifupi 110, ndipo minibasi imaima paliponse pamene pali utsi. Pa Namitete fungo la kanyenya lidzalowa pa windo, pa Waliranji mnyamata adzakulozetsani mang'ina m'beseni, pa Kamwendo a chiwaya adzakuitanani ndi dzina. Khalani pakati, kutali ndi windo, mutseke mphuno ndi sikafu ija mudzagule ku Camden. Mukagonja, tumani kondakitala akagule ngati zake, mudyere m'jumbo mutawerama ngati mukufuna ndalama imene yagwa. Zithunzi za mbale za ku Soho mupitirize kuziika pa Facebook chimodzichimodzi kwa milungu ingapo, kuti anthu aziyesa mukadali m'chikhulupiriro.

Kunyumba achemwali adzapha nkhuku, chifukwa munthu wochokera kutali salandiridwa ndi chisoso, ndipo nkhukuyo ikaphedwa singadzukenso ngakhale mutaikana. Musawakhumudwitse, komanso musaswe lumbiro lanu pamaso pa ana. Mundiimbire mukangodutsa pa Namitete kuti ndidzakhale nditafika. Inu mudzadya nkhwani ndi nsima, ine ndidzasenza tchimo lonse m'malo mwanu, kuyambira nthutumba, chiwindi ndi ntchafu zonse ziwiri. Msuzi tidzakambirana, poti pamenepo malamulo a Donald Watson ndi okhwima, koma nyumba yanu ili ndi makatani.